Ntchito ndinapereka kale, nanga bwanji ikungobwerera pa desiki yanga?

Lachinayi lina cha m'ma 7 koloko usiku mu ofesi tinangotsala awiri, ine ndi mlonda, ndipo chomwe chinandisunga mpaka nthawi imeneyo ndi lipoti lomwe ndinali nditapatsa mnyamata wina wa mu timu yanga Lolemba m'mawa. Iyeyo anaweruka 5 koloko bwinobwino atandisiyira imelo yoti "bwana ndamaliza, mungoona ngati zili bho." Sizinali bho. Ine ndimafuna tsamba limodzi loti akuluakulu aliwerenge mphindi ziwiri asanalowe mu miting'i, iye anandipatsa masamba 14, matebulo, magilafu amitundumitundu, mpaka mbiri ya mmene pulojekitiyo inayambira kalekale. Ndiye ndinakhala pamenepo ndikudula uku ndikung'ung'udza kuti ana a masiku ano ntchito sayidziwa, bola ndikanangopanga ndekha Lolemba lomwelo.

Mawu amenewo, oti bola ndingopanga ndekha, ndinawayankhula pafupifupi sabata iliyonse kwa chaka chathunthu. Ambirife amatikweza chifukwa manja athu ndi achangu pa ntchito, kenako tsiku lina amangotiuza kuti kuyambira lero anthu awa ali pansi panu, palibe amene amatikhazika pansi kutiuza kuti ntchito imaperekedwa bwanji. Nde umapezeka kuti uli ndi anthu asanu koma amene akugona mochedwa ndi iwe, wikendi laputopu ili pamiyendo, anthu ako akudandaula kuti bwanayu satikhulupirira, iwe ukudandaula kuti anthuwa ndi aulesi, ndipo nonse mukunena zoona pang'ono.

Chomwe ndinaphunzira mochedwa ndi choti musanayambe kufufuza kuti wolakwa ndani, yang'anani kaye mmene ntchitoyo ikubwererera. Makaniko wabwino sathamangira kumasula injini, amayamba wafunsa kuti phokosolo likumveka nthawi yanji, polizitsa kapena pokwera mtunda. Ntchito nayonso imabwerera m'njira zingapo ndipo iliyonse ili ndi pomwe inathyokera, nthawi zambiri mphindi zisanu zija zomwe munkaipereka mutaimirira pakhomo foni ili kukhutu.

Ikabwera yomalizidwa koma si yomwe munkafuna

Ili ndiye vuto la masamba 14 aja. Mawa lake nditapsa mtima ndinabwerera ku uthenga womwe ndinamutumizira Lolemba kuti ndimusonyeze pomwe sanamvere, ndipo uthengawo unali wonena kuti "mundikonzere lipoti la pulojekiti ija, likufunika Lachisanu." Basi. Za tsamba limodzi munalibe, zoti owerenga ndi akuluakulu munalibe, zoti akufuna kungodziwa ngati tiwonjezere miyezi iwiri kapena ayi munalibenso. Zonsezo zinali m'mutu mwanga ndipo ine ndimaona ngati ndazinena.

Pali kafukufuku wina yemwe ndikamuganizira ndimaseka ndekha. Mu 1990 Elizabeth Newton, ali ku yunivesite ya Stanford, anagawa anthu pawiri, ena ogogoda ena omvetsera. Wogogodayo amasankha nyimbo yodziwika kwa aliyense n'kumaigogoda ndi chala pa tebulo, womvetsera azinena kuti ndi nyimbo yanji. Asanayambe, ogogoda aja ankayerekeza kuti omvetsera azindikira theka la nyimbozo. Pa nyimbo 120 zomwe zinagogodedwa, zomwe anazindikira ndi 3 zokha. Chifukwa chake n'chosavuta, wogogoda nyimbo ikumulira m'mutu yonse ndi mawu ake omwe, pomwe mnzakeyo akungomva go go go. Ndi mmene timaperekera ntchito. Inu mwakhala mu miting'i zitatu za nkhaniyo, mukudziwa amene anakwiya, mukudziwa chomwe chinakanidwa ulendo watha, mnzanuyo wangomva go go go, "lipoti, Lachisanu".

Ndiye pokonza apa musayambe ndi kufotokoza njira, yambani ndi mapeto. Nenani kuti chinthucho chikatha chizioneka bwanji, achiwerenge ndani, ndipo akachiwerenga apange chiganizo chanji. Gawo lomalizali ndi lomwe timaliiwala kwambiri koma ndi lomwe limamasula munthu, chifukwa akadziwa kuti lipoti ndi lothandiza akuluakulu kuganiza zowonjezera nthawi, yekha adziwa kuti mbiri ya pulojekiti ilibe ntchito, simufunikanso kumuuza chilichonse chochotsa. Ngati muli ndi chitsanzo chakale chomwe chinakusangalatsani mupatseni, fayilo imodzi yakale imaposa kulongosola kwa mphindi makumi awiri. Nenaninso malire, monga ndalama zomwe asapyole, anthu omwe asawalembere musanadziwe inu, zinthu zomwe zinagamulidwa kale zoti asazitsegulenso.

Kenako pali funso lomwe muyenera kulisiya, lija loti "mwamva?" Palibe wantchito amene amayankha bwana wake kuti ayi sindinamve, yankho limakhala eya nthawi zonse, ngakhale munthu atasokonezeka kotheratu, chifukwa kunena kuti sindinamve kumaoneka ngati kuvomera kuti ndine mbuli. Anthu oyendetsa ndege nkhani imeneyi anaiphunzira ndi misozi. Pa 27 Malichi 1977 pa bwalo la ndege la pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri zikuluzikulu, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana pa msewu wonyamukira ndipo anthu 583 anafa, ndipo china mwa zomwe zinachititsa ndi kusamvana pa wailesi, woyendetsa ndege ya KLM ankaganiza kuti waloledwa kunyamuka pomwe sanaloledwe. Mpaka lero woyendetsa ndege akapatsidwa malangizo ofunika amawabwereza mokweza kuti wa pa nsanja yowongolera ndege, yemwe wapereka malangizowo, amve ngati afika mmene anachokera. Mu ofesi mwathu palibe amene afe ndi lipoti, inde, koma njirayo ndi yomweyo. Ine masiku ano ndimangoti "achimwene, kuti ndione ngati ndalongosola bwino, tandiuzani mmene mwamvera ndi pomwe muyambire." Onani kuti ndikuika kulakwa pa ine, pa kalongosoledwe kanga, osati pa makutu ake, apo ayi zimamveka ngati mayeso a ku pulayimale. Mudzadabwa kuti kangati munthu amabwereza chinthu china chosiyana ndi chomwe mumaganiza kuti mwanena.

Chinanso, ntchito yaitali musadikire kuiona itatha. Pemphani kuti mudzaione ikadali mafupa okhaokha, mitu yake chabe, patangopita tsiku limodzi. Mnyamata uja akanandionetsa Lachiwiri mitu 9 yomwe ankafuna kulemba, zikanatitengera mphindi zitatu kugwirizana, m'malo mwake iye anataya masiku anayi ine ndinataya usiku.

Ikabwera ngati funso

Iyi ndi yochenjera kwambiri chifukwa sioneka ngati ntchito ikubwerera, imaoneka ngati ulemu. Mukuyenda mu korido kupita ku miting'i, wina akukuimitsani, "bwana pepani pang'ono, tili ndi kavuto pa nkhani ija ya kasitomala." Akufotokoza, inu mukumva kuti nkhaniyo ndi yoona koma simungaigamule mutaimirira, nde mumati "chabwino, ndiisiyireni ndiiganizire, ndikuuzani." Mwatha. Musanakumane ntchito inali yake, mwasiyana ili yanu, ndipo mawa lake iyeyo ndi amene asuzumire pakhomo panu n'kufunsa kuti "bwana nkhani ija mwafika nayo pati?" Wayamba kukuyang'anirani ndi iye tsopano.

William Oncken Jr. ndi Donald Wass analemba za zimenezi mu magazini ya Harvard Business Review mu 1974, ndipo anayerekeza sitepe yotsatira ya ntchito iliyonse ndi pusi wokhala pa msana pa munthu. Mu korido muja pusi anadumpha kuchoka pa msana wa mnzanu kubwera pa wanu. Mukakhala ndi anthu asanu aliyense n'kukusiyirani apusi awiri pa sabata, pofika Lachisanu muli ndi khumi akukukokani tsitsi, eni ake akungodikira, ena mpaka akudandaula kuti bwanayu amachedwetsa zinthu. Ndipo akunena zoona, mwasanduka botolo la khosi lopapatiza lomwe chilichonse chiyenera kudutsamo.

Chomwe chinandithandiza kwambiri mu nkhani yawoyo ndi masitepe asanu a mmene wantchito angachitire zinthu payekha. Pansi penipeni pali kudikira mpaka auzidwe. Kenako kufunsa kuti ndichite chiyani. Kachitatu kubwera ndi maganizo ake n'kuchita mukavomereza. Kachinayi kuchita kaye n'kukudziwitsani nthawi yomweyo. Pamwamba ndi kuchita yekha n'kumangopereka lipoti pa nthawi yake. Iwo ankati masitepe awiri apansiwo manijala asawalole. Ine nditawerenga ndinazindikira kuti anthu anga onse anali pa sitepe yachiwiri, ndipo amene anawaika pamenepo ndi ine, chifukwa aliyense wobwera ndi funso ankatuluka ndi yankho, mwachangu, kwaulere. Munthu angavutikirenji kuganiza pomwe pali makina oyankha pa desiki yapakona? Komanso tinene zoona, zimakoma. Munthu akabwera kuti bwana tithandizeni, ka mtima kamadumpha, umadziona wofunika, ndipo kukoma kumeneko ndi komwe kumakusunga mu ofesi mpaka usiku.

Kukonza kwake kumayamba ndi kudziletsa pakamwa. Wina akabwera ndi "tili ndi vuto", funso loyamba likhale "inu mukuona kuti tichite bwanji?" ndipo mukafunsa khalani chete, ngakhale yankho likukuyabwani pa lilime. Masiku oyamba adzati "aaa kaya bwana, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu." Musakwiye, ndi mmene munawazoloweretsa. Muuzeni kuti "pitani mukaganize njira ziwiri ndi yomwe inuyo mungasankhe, tikumane 2 koloko, mphindi khumi." Mwaona kuti simunamuthamangitse, simunamusiye yekha, koma watuluka ndi pusi wake ndipo nthawi yokumananso yadziwika. Mukasiyana pa nkhani iliyonse pazidziwika kuti sitepe yotsatira ndi ya ndani komanso muonananso liti, apo ayi nkhani imagwera pakati kapena imagwera inu, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Komanso nenani poyera kuti pa ntchito iyi munthuyo ali pa sitepe iti, chifukwa ambiri amabwera kudzafunsa osati chifukwa sadziwa yankho koma sadziwa ngati ali ndi chilolezo. "Za masiku operekera katundu gamulani nokha muzingondiuza Lachisanu, koma chilichonse chokhudza kusintha mtengo mubwere kaye." Chiganizo chimodzi chimenecho chinachotsa pafupifupi mafunso onse omwe mayi wina wa mu timu yathu ankabwera nawo, ndipo anandiuza yekha patapita nthawi kuti ankaopa kuti akagamula ndidzamukalipira, chifukwa bwana wake wakale ankatero. Munthu yemweyo akhoza kukhala pa sitepe yachisanu pa ntchito yomwe waizolowera n'kukhala pa yachitatu pa ntchito yatsopano, palibe chachilendo.

Chenjezo limodzi, pali mafunso ena omwe ndi anu ndithu. Ngati nkhani ikufuna siginecha yanu, kapena kukambirana ndi dipatimenti ina pa mlingo wanu, kapena ndi mkangano womwe wamng'ono sangauthe, kumubweza ndi "inu mukuona bwanji" ndi kuthawa udindo chabe. Zikatero tengani, koma tengani kachidutswa kanu kokha, nenani tsiku lomwe mubweze, ntchito yonse ikhalebe yake.

Ikapanda kubwera n'komwe

Mu miting'i munati "wina atumize manambala aja kwa a zachuma", onse anagwedeza mutu, sabata yatha palibe watumiza. Kapena munalemba pa gulu la WhatsApp la timu kuti "tiyeni tionetsetse kuti izi zatheka", anthu asanu ndi awiri anaika chala cha m'mwamba, basi. Apa musavutike kufufuza zambiri, ntchito yopatsidwa kwa gulu ndi ntchito yopanda mwini. John Darley ndi Bibb Latané anaonetsa zimenezi mu 1968, pomwe ophunzira ankamva kudzera pa zoyankhulira munthu wina ngati wagwidwa ndi khunyu. Mwa omwe ankaganiza kuti akumva okha, 85 pa 100 alionse anathamanga kukanena munthuyo asanasiye kumveka, koma mwa omwe ankaganiza kuti pali anthu ena anayi akumvanso, anali 31 okha pa 100. Sikuti anali anthu oipa mtima, aliyense ankangoganiza kuti wina achita. Ngati zimatero pa moyo wa munthu, kuli bwanji manambala a zachuma.

Mankhwala ake ndi dzina limodzi ndi tsiku limodzi. Osati mayina awiri, chifukwa awiri ndi gulu kale. Ena akhoza kuthandiza koma wofunsidwa akhale mmodzi. Miting'i isanathe tengani mphindi ziwiri kuwerenga mokweza kuti chakuti achita uje pofika tsiku lakuti, ndipo zilembedwe pamalo pomwe onse aziona. Imelo yokhala ndi anthu khumi pa mzere wa olandira nayonso ndi chimodzimodzi, ikani mmodzi pamenepo, enawo pa kope.

Za kuchedwa

Izi zili pawiri. Poyamba onani mawu omwe munagwiritsa ntchito. "Mwachangu", "posachedwa", "mukapeza mpata", "sabata ino", onsewa si madedilaini. Kwa inu sabata ino ndi Lachitatu, kwa iye ndi Lachisanu 5 koloko, mwinanso Lolemba m'mawa musanafike. Nenani tsiku ndi ola, ndipo nenani chifukwa chake, kuti likufunika Lachitatu masana chifukwa Lachinayi m'mawa ndikukaliwerenga pamaso pa bodi. Dedilaini yokhala ndi chifukwa anthu amailemekeza, yopanda chifukwa amaiona ngati mkwiyo wa bwana chabe. Ndipo musamanamize anthu ndi madedilaini abodza, akangozindikira kamodzi kuti lipoti lomwe anagonera 12 koloko linakhala sabata pa desiki yanu osatsegulidwa, basi, tsiku lililonse lomwe mudzanene azidzawonjezerapo masiku awo.

Mbali yachiwiri ndi yoti anthu, tonsefe, sitidziwa kuyeza nthawi. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anazitchula kale mu 1979 kuti timayerekeza nthawi yochepa kuposa yomwe ntchito idzatenge ngakhale tikudziwa kuti zakale zinachedwa. Mu 1994 Roger Buehler ndi anzake ku Canada anafunsa ophunzira a ku yunivesite kuti amaliza liti pepala lawo lalikulu la chaka chomaliza. Pa avereji anati masiku 33.9. Atawafunsa kuti nanga zonse zitavuta kotheratu, anati masiku 48.6. Zoona zake anatenga masiku 55.5, kupyola ngakhale pomwe ankati zavutitsitsa. Ndiye mnzanu akamati "mawa likhala litatha" sikuti akunama, akukhulupiriradi. M'malo mofunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji, funsani kuti "ulendo watha ntchito ngati iyi inatenga masiku angati?" Yankho la funso limenelo ndi lomwe lili pafupi ndi zoona.

Ndipo funsaninso chomwe ali nacho kale m'manja. Ine ndinkapatsa mtsikana wina ntchito Lolemba, ina Lachiwiri, ina Lachitatu, iliyonse ndikunena kuti ndi yofunika kwambiri, kenako n'kumadabwa kuti yoyamba ija ili kuti. Iye sakanandiuza kuti bwana zachuluka, ankangoti chabwino. Panopa ndikamawonjezera ntchito ndimanena ndekha yomwe itsike, "iyi ikhale patsogolo, ya Lolemba ija idikire mpaka sabata ya mawa." Ngati simusankha inu asankha yekha, ndipo asankha yosavuta kapena ya amene akukuwa kwambiri.

Pali mtundu wina wa kuchedwa womwe umawawa kuposa onse, uja woti munthu amadziwa kuyambira Lachiwiri kuti zinthu zavuta koma akukuuzani Lachisanu 4 koloko. Mukamufunsa pakati pa sabata amati "zikuyenda bwana." Apa ndikupemphani mudzifunse moona mtima kuti munthu womaliza amene anakubweretserani nkhani yoipa munamulandira bwanji. Amy Edmondson wa ku Harvard, pofufuza matimu a m'zipatala m'zaka za m'ma 1990, anapeza chinthu chomwe poyamba chinamudabwitsa, matimu oyendetsedwa bwino ndi omwe ankaoneka ndi zolakwa zambiri m'malipoti. Atafufuza anaona kuti nkhani inali yoti iwowo ankamasuka kuzinena, pomwe kwina anthu ankabisa poopa. Timu yomwe simumvako vuto lililonse si timu yopanda mavuto. Ngati munthu anabwera Lachiwiri n'kunena kuti ndalakwitsa, inu n'kumuyankha mokweza anzake akumva, mwaphunzitsa ofesi yonse kuti nkhani yoipa imasungidwa mpaka itaphulika. Sindikunena kuti muziseka zolakwa, koma mawu oyamba akhale "mwachita bwino kunena msanga, tiyeni tione", zina zija mukambirane pambuyo muli awiri chitseko chotseka. Funso la "zikuyenda?" nalonso lisinthe, muzifunsa kuti "chomwe chikukuvutani kwambiri pa ntchitoyi panopa ndi chiti?", funso lomwe silingayankhidwe ndi eya.

Nanga ngati ntchitoyo inali bwino koma munaikonzabe?

Apa ndiye pomwe ambiri sitifuna kuyang'ana. Tsiku lina ndinatenga kalata yomwe mnzanga analemba n'kuyamba kusintha, pomwe analemba "tikupempha" ine n'kuika "tikufuna kupempha", ndime yachiwiri n'kuipititsa pachitatu, mpaka mtundu wa zilembo. Nditamaliza ndinaziyika pambali ziwirizo ndipo kunena zoona yake ija inalibe vuto, inangokhala kuti sinalembedwe mmene ndikanalembera ine. Koma uthenga womwe iye analandira ndi woti ngakhale ayesetse bwanji bwana adzasinthabe, ndiye ulendo wotsatira anangolemba mwa mwambo chabe, theka la mphamvu, podziwa kuti wokonza alipo. Ine n'kumati mwaona, ntchito yake yatsika. Ndinaitsitsa ndine.

Musanagwire cholembera chofiira dzifunseni ngati chinthucho chili cholakwika kapena changosiyana ndi kalembedwe kanu. Nambala yolakwika, dzina la kasitomala lolembedwa molakwika, mfundo yomwe ingatigwetse m'mavuto, izo zikonzedwe. Zinazo zisiyeni zipite, ngakhale zikukuyabwani. Ndipo zofunika kukonzazo musakonze inu mwakachetechete usiku ngati mmene ndinachitira ndi masamba 14 aja, chifukwa mnyamata uja m'mawa mwake anangoona kuti lipoti lapita, sanadziwe n'komwe kuti linasinthidwa, sanaphunzirepo kanthu, ndipo mwezi wotsatira anabweretsa masamba 11. Mubwezereni mwini wake ndi ndemanga ziwiri zitatu zomveka, akonze yekha. Zitenga nthawi yaitali kuposa kukonza nokha, inde, ulendo woyamba ndi wachiwiri, mwinanso wachitatu. N'chifukwa chake ntchito yophunzitsira munthu musaisankhe pa tsiku lomwe moto wayaka kale, sankhani yomwe ili ndi mpata woti ibwerere kawiri popanda wina kufa nayo.

Ena amafunsa kuti nanga osamuyang'anira pafupi bwanji kuti asalakwitse. Kusuzumira pa kompyuta ya munthu ola lililonse sikuteteza ntchito, kumangomupangitsa kuti azigwira ntchito yokusangalatsani inu m'malo mwa ntchito yeniyeniyo. Gwirizanani pachiyambi nthawi zoonana, mwina kawiri pa ntchito ya sabata imodzi, ndipo pakati pa nthawizo musiyeni apume. Watsopano muonane naye pafupipafupi, wozolowera patalipatali.

Tsopano, zimatheka ndithu kuti vuto ndi munthuyo. Sindikufuna muchoke pano mukuganiza kuti chilichonse ndi kulakwa kwa bwana. Koma mufike pamenepo mutadutsa kaye zinazi, mapeto munawanena momveka, anabwereza ndipo munagwirizana, dzina ndi tsiku zinalembedwa, zida ndi chilolezo anali nazo, katundu wa ntchito sanamupyole msinkhu. Zonsezi zilipo koma zikubwerezabe, ndiye siyanitsani ngati sakutha kapena sakufuna, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Wosatha amafuna kuphunzitsidwa, kukhala pambali pa wodziwa, kupatsidwa kachidutswa kakang'ono kaye. Wosafuna amafuna kukambirana kwa awiri kopanda kuzungulira, kotchula zinthu zenizeni ndi masiku ake, monga "mwezi uno malipoti atatu afika mochedwa, pa 4, pa 11 ndi pa 25, chikuchitika n'chiyani?", osati "inu mumachedwa nthawi zonse" chifukwa mawu oti nthawi zonse amangoyambitsa mkangano wa tsiku limodzi lomwe sanachedwe. Mvetserani yankho, nthawi zina kumbuyo kwake kuli matenda kapena vuto la kunyumba lomwe simumalidziwa. Ndipo zikapitirira, lembani zomwe mwagwirizana n'kutsata ndondomeko ya pa ntchito panu, musamangomulanda ntchito mwakachetechete n'kuipereka kwa uja wolimbikira, chifukwa mapeto ake wolimbikirayo ndi amene atope n'kuchoka, waulesi n'kutsala akupuma.

Mnyamata wa masamba 14 uja tikugwirabe limodzi. Uthenga womwe ndinamutumizira Lolemba lapitali ndaukopera pano mmene unalili: "Achimwene, lipoti la mwezi uno, tsamba limodzi, owerenga ndi akuluakulu atatu aja ndipo akufuna kugamula ngati tilembe munthu wina kapena ayi. Manambala a miyezi itatu yapitayi akwanira. Za malipiro musakhudze. Mitu yake ndione mawa 10 koloko, lonse Lachinayi 12 koloko chifukwa miting'i ndi 3." Kulemba zimenezo kunanditengera mwina mphindi zinayi. Anayankha kuti "ndamva, koma miyezi itatu sionetsa bwino chifukwa Disembala tinatseka masabata awiri, ndingaike inayi?" Ndinati ikani inayi. Linabwera Lachinayi 11:40, tsamba limodzi ndi theka, mutu wake unali ndi mawu omwe ine sindikanasankha, dzanja linapita lokha pa kiyibodi, kenako ndinalibweza n'kutumiza lipotilo mmene linalili.